Momwe mungakonzere mafayilo a log a PostgreSQL ngati seva yanu imazima usiku

Kuno ku Salima, kaya ndi ku SACCO ya pa Boma, malo ogona alendo ku Senga Bay kapena ofesi ya gulu la alimi a mpunga, kawirikawiri seva imakhala kompyuta imodzi yokhala pakona. Ena amaizimitsa poweruka. Kwina magetsi amathima madzulo, batire n'kutha usiku usanafike pakati. Malangizo ambiri a pa intaneti okhudza log, mafayilo omwe pulogalamu imalembamo zomwe zikuchitika, analembedwa ndi anthu omwe makina awo sazima, n'chifukwa chake mumawatsatira bwinobwino koma fayilo ya log n'kumangofufuma mpaka disiki kudzaza. Disiki ikadzaziratu PostgreSQL, pulogalamu yoyendetsa database, imasowa polemba, ndipo imatha kudzizimitsa yokha anthu ali pamzere.

Musanakhudze kalikonse, mverani izi. M'foda ya database muli foda ina yotchedwa pg_wal. Imeneyo musafufutemo kanthu ngakhale disiki itadzaza motani, chifukwa ndimo database imadalira podzikonza magetsi akathima mwadzidzidzi. Kale inkatchedwa pg_xlog, ndipo anaisintha dzina mu PostgreSQL 10 kaamba koti anthu ankaiyesa malo a log wamba n'kumaisesa.

Choyamba, dziwani yemwe akusamalira log

Lowani mu psql, pulogalamu yolembamo malamulo a PostgreSQL, ndi dzina la postgres, lembani:

SHOW logging_collector;
SHOW log_filename;
SHOW data_directory;
SELECT pg_current_logfile();

Yankho loyamba likakhala off, ndiye kuti PostgreSQL sikusintha yokha mafayilo, kutanthauza kutseka fayilo ya log yakale n'kutsegula yatsopano. Umu ndi momwe imabwerera pa Ubuntu ndi Debian: zonse zimalembedwa ku /var/log/postgresql, ndipo wosintha mafayilo ndi pulogalamu ina, logrotate, kamodzi pa sabata. Pamenepo ngakhale mutasintha log_rotation_age kangati, palibe chomwe chisinthe. Likakhala on, ntchitoyo ili m'manja mwa PostgreSQL, ndipo lamulo lomalizalo likuonetsani fayilo yomwe ikulembedwa pano.

Chachiwiri, onani pomwe pagona vuto

Njira yotchuka ndi yopatsa fayilo dzina la tsiku la sabata, postgresql-%a.log, n'kuika log_truncate_on_rotation pa on. Mukatero mumakhala ndi mafayilo 7 okha, kuyambira Mon mpaka Sun, ndipo Lolemba likakwana fayilo ya Lolemba lapita imafufutidwa m'kati n'kuyamba mwatsopano. Ndi nzeru yabwino ndithu, koma ili ndi nyambo yake. PostgreSQL imafufuta zam'katimo pokhapokha ikusintha fayilo chifukwa nthawi yakwana, ili chiyakire. Ikangoyatsidwa kumene siifufuta, imangopitiriza kulemba pansi pa zomwe yapeza.

Ndiye taganizirani seva yomwe imazima 5 koloko madzulo n'kuyatsidwa m'mawa. Pakati pa usiku, nthawi yosinthira, imakhala itazima. M'mawa wa Lolemba imatsegula fayilo ya Mon n'kuwonjezera pa za Lolemba lapita, ndi la kumbuyo kwake, chaka n'kutha. Mukaona mafayilo 7 okha mumati zili bwino, kuiwala kuyang'ana kukula kwake. Tsegulani imodzi muone mizere yoyambirira. Ikakhala ndi deti la miyezi yapitayo, vuto lanu ndi limeneli.

Pali msampha wina wofanana nawo. log_rotation_size imabwera ili pa 10MB, kutanthauza kuti fayilo ikafika pamenepo itsegule ina. Koma ngati dzina lilibe ola ndi mphindi, dzina latsopano limafanana ndi lakale, ndipo imangotsegulanso fayilo yomweyo. Malire a 10MB aja amakhala a pakamwa chabe.

Chachitatu, sinthani dzina likhale la deti

Kwa ife omwe makina athu amagona, ine ndimati tisiye dzina la tsiku la sabata, titenge la deti lonse. Tsiku lililonse limakhala ndi fayilo yake, kaya seva inadutsa pakati pa usiku ili maso kaya yayatsidwa 8 koloko.

ALTER SYSTEM SET logging_collector = on;
ALTER SYSTEM SET log_filename = 'postgresql-%Y-%m-%d.log';
ALTER SYSTEM SET log_rotation_age = '1d';
ALTER SYSTEM SET log_rotation_size = 0;
ALTER SYSTEM SET log_truncate_on_rotation = off;
ALTER SYSTEM SET log_timezone = 'Africa/Blantyre';
SELECT pg_reload_conf();

Ziro uja akutanthauza kuti isasinthe fayilo potengera kukula. Ngati ntchito yanu ndi yaikulu moti fayilo ya tsiku limodzi imavuta kutsegula, ikani malire a kukula koma muwonjezere _%H%M%S pa dzinalo kuti fayilo iliyonse ikhale ndi lake.

Mzere wa log_timezone musaudumphe. Seva zambiri zimaikidwa pa nthawi ya UTC, yomwe ili m'mbuyo ndi maola 2 poyerekeza ndi ya kuno. Ikakhala choncho fayilo imasintha 2 koloko m'bandakucha, ndipo bwana akafunsa zomwe zinachitika 9 koloko m'mawa, inu mumazipeza pa mzere wa 7 koloko.

Zonsezi zimagwira ntchito ndi pg_reload_conf, kupatula logging_collector. Ngati inali pa off, muyenera kuzimitsa database n'kuiyatsanso, ndiye dikirani nthawi ya nkhomaliro, muwauze kaye a kauntala asunge zomwe akulemba. Dziwaninso kuti ALTER SYSTEM imalemba mu postgresql.auto.conf, ndipo zili m'menemo zimaposa za mu postgresql.conf. Mnzanu akadzasintha postgresql.conf n'kudabwa kuti sizikumveka, chifukwa chake chili apo.

Chachinayi, pezani wosesa

PostgreSQL siichotsa mafayilo akale. Ndi dzina la deti aziwunjikana, choncho wosesa muyenera kumuika nokha. Yambani mwangoona omwe apitirira masiku 30, m'foda ya log yomwe ili m'kati mwa foda yomwe data_directory inakuonetsani:

find /var/lib/postgresql/16/main/log -name 'postgresql-*.log' -mtime +30

Werengani mndandandawo ndi maso anu. Mukakhutira kuti muli mafayilo a log okhaokha, wonjezerani -delete kumapeto, n'kuika lamulolo mu crontab ya postgres, mndandanda wa ntchito zomwe pulogalamu ya cron imachita yokha nthawi ikakwana. Apanso kumbukirani za usiku. Anthu amakonda kuika ntchito zotere pa 2 kapena 3 koloko usiku, koma cron siibwerera kukachita zomwe zinaidutsa kompyuta itazima. Yambani mzerewo ndi 0 10 * * * kuti isese 10 koloko m'mawa, aliyense ali pa ntchito. Masiku 30 si lamulo. Ngati owerengera ndalama amafuna kuona za m'mbuyo, afunseni kaye musanasankhe nambala.

Ngati munafufuta kale koma malo sakubwera

Izi zimachitika munthu akapanikizika n'kufufuta ndi rm fayilo yomwe ikulembedwa. Dzina limachoka, koma PostgreSQL imakhala ikadaigwira, ndiye df -h imaonetsabe kuti disiki ndi yodzaza. Lamulo la lsof +L1 limaonetsa mafayilo oterewa. Simufunika kuzimitsa database. Ngati logging_collector ili pa on, lembani SELECT pg_rotate_logfile(); ndipo itaya yakaleyo n'kutsegula yatsopano, malo n'kubwera nthawi yomweyo.

Mawa lake m'mawa

Yang'anani m'foda ya log ndi ls -lh. Muyenera kuona fayilo ya dzulo ndi ya lero. Mukapeza ina yokhala ndi chaka chachilendo, vuto si PostgreSQL ayi. Kabatire kakang'ono ka pa bodi ya kompyuta katha, wotchi imasokonekera magetsi akachoka. Onani ndi timedatectl, kabatireko musinthe.

Fayilo ya tsiku limodzi ikakhala yaikulu modabwitsa, lembani SHOW log_statement, muone. Ikati all, alipo anaiyatsa pofufuza vuto n'kuiwala kuizimitsa, ndipo database ikulemba funso lililonse lomwe yalandira. Ibwezereni pa ddl kapena none, n'kuika log_min_duration_statement pa 1000 kuti izilemba mafunso okhawo omwe atenga sekondi imodzi kapena kuposa.