Momwe Ndinasinthira Kaunikidwe ka Ntchito

Kwa nthawi yaitali ndinkaunika ntchito ya anthu amene ndimawayang'anira kamodzi kokha pachaka, ndipo msonkhanowo unkakhala ngati bwalo la milandu, moti ambiri ankangovomera zonse n'kutuluka mwakachetechete. Nditaona kuti ngakhale akhama ayamba kugwa ulesi, ndinazindikira kuti vuto linali ine, chifukwa ndinkasunga zolakwa zawo miyezi yambiri osawauza.

Ndinayamba kukumana ndi aliyense payekha kwa mphindi 20 pa milungu iwiri iliyonse, ndipo ndimayamba ndi kumufunsa chimene chikumuvuta pa ntchito yake. Zolinga timalemba limodzi, zosapitirira zitatu. Kudzudzula ndimachitira kumbali, pamene kuyamikira ndimachitira pagulu. Chimene chinandivuta kwambiri chinali kuphunzira kukhala chete n'kumvetsera, koma tsopano amabwera okha kudzandiuza mavuto asanakule.