Momwe mungapezere likulu ndi kampu ya asilikali pa mapu akale a nkhondo

Ambiri kuno ku Lilongwe timangodutsa pa chipilala cha asilikali chija pafupi ndi Capital Hill osadziwa kuti anthu amenewo ankagona pati, ankatunga madzi kuti, oda inkachokera kuti. Zonsezi zimaoneka pa mapu akale a nkhondo ya 1914 mpaka 1918, bola kudziwa kawerengedwe kake.

Choyamba pezani mapuwo. Zakale zambiri zili ku National Archives ku Zomba komanso ku laibulale ya Society of Malawi ku Mandala House ku Blantyre, ena anawaika pa intaneti. Mukajambula ndi foni musasiye m'mphepete, chifukwa deti, sikelo ndi tanthauzo la zizindikiro zimakhala mmenemo, ndipo anthu amakonda kudula pomwepo.

Mukatero onani deti, osathamangira kufuna mbendera yosonyeza likulu. Likulu la pa nkhondo silinkakhala malo amodzi. Mu 1914 asilikali athu a King's African Rifles anali ku Karonga pansi pa Captain Barton, ndipo pa 9 September anamenyana ndi Majeremani komweko. Pofika 1916 General Edward Northey anatenga ulamuliro n'kuoloka malire kulowa m'dziko la Majeremani, lomwe lero ndi Tanzania, nde mapu a 1914 ndi a 1917 sangakuuzeni zofanana ngakhale dera lili lomwelo.

Kenako maina. Apa ndi pomwe ambiri amasokonekera. Fort Johnston ndi Mangochi, Fort Hill ndi Chitipa, Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji konkuno, Fort Jameson ndi Chipata, New Langenburg ndi Tukuyu. Lilongwe mukaiona ili kadontho musadabwe, inali kaboma chabe, likulu la dziko linali Zomba mpaka 1975. Maina a midzi azungu ankalemba mmene amvera, ndiye muziwatchula mokweza, khutu limazindikira msanga kuposa diso.

Sikelo ndi ya mamailosi ndi mayadi. Mailo imodzi ndi makilomita 1.6, yadi imachepa pang'ono pa mita, kutalika kwa mapiri ndi mafiti. Mapu a dera lonse amangoika dzina ndi kachizindikiro basi, pulani ya kampu yeniyeni imakhala papepala lakelake, nthawi zambiri yojambula pamanja mkati mwa lipoti.

Tsopano pa kampu penipeni, ine ndimati yambani ndi madzi ndi msewu, likulu mulipeza lokha. Pezani mtsinje muone komwe ukulowera. Lamulo la asilikali a Britain linali loti madzi akumwa atungidwe kumtunda, ziweto zimwe kumunsi kwake, kusamba ndi kuchapa kumunsi kwenikweni, zimbudzi nazo kutali ndi khitchini ndi madzi, mbali yomwe mphepo ikupita. Mukapeza zimenezi mwadziwa kale kumaso ndi kumbuyo kwa kampu. Kuchoka apo tsatani msewu kapena mzere wa waya wa telegalafu, umakathera pa likulu, pomwe alemba HQ kapena pomwe ajambula kambendera, nthawi zambiri pamalo okwera pang'ono. Pafupi pake mupeza officers' lines pomwe ankagona mabwana achizungu, parade ground pochitira perete, kenako askari lines, mizere ya nyumba za asilikali akuda. Magazine ndi nyumba ya zipolopolo ndi onga, imakhala payokha. MG ndi mfuti ya chiwaya, ndipo komwe yaloza ndi komwe ankaopa kuti mdani atulukira. Coy ndi kampani, Bn ndi bataliyoni.

Ndiye funani carrier lines, pogona amtengatenga. Awa ndi amene anali ambiri kuposa asilikali, ankasenza ufa, mpunga ndi mabokosi a zipolopolo pamutu kuchoka ku madoko a nyanja kukwera mapiri, ambiri anafa ndi matenda ndi njala. Koma pa mapu amangopatsidwa kabokosi kakang'ono kumphepete, mwinanso osalembedwa n'komwe, zimandinyansa ndithu. Ngati palibe, yang'anani malo opanda kanthu pafupi ndi sitolo ya chakudya kapena kumunsi kwa mtsinje, ndi komwe mungayambire kufunsa.

Mitundu musaikhulupirire mwachisawawa. Kufiira si nthawi zonse kumatanthauza mdani, werengani zomwe wojambulayo walemba m'mphepete.

Mukafuna kudziwa kuti malowo lero ndi pati, tsegulani Google Earth Pro pa kompyuta, ikani chithunzi cha mapu pamwamba pake n'kuchipepusa kuti pansi pazioneka. Fananizani nsonga za mapiri ndi mathithi, zinthu zosasuntha. Gombe la nyanja ayi, madzi a Nyanja ya Malawi akhala akukwera ndi kutsika, mitsinje nayo monga North Rukuru imasintha njira pafupi ndi mathiriro. Zikasiyana ndi mamita mazana angapo musataye mtima, ojambulawo ankayeza ndi kampasi ndi mapazi.

Mukaganiza zopita kumaloko yambirani kwa amfumu, mupereke ulemu wake, akuluakulu ena amadziwa pomwe panali maenje obisalamo ndi manda. Musakumbe, ndipo mukaona chitsulo chooneka ngati bomba musachigwire, kauzeni apolisi. Malo omwe asilikali akugwiritsabe ntchito monga Cobbe Barracks ku Zomba kapena Kamuzu Barracks kuno, osajambula kapena kuulutsa drone popanda chilolezo cholembedwa.