Momwe mungaphunzitsire masamu a bizinesi pa foni ku koleji ya kumudzi

Sukulu zitatsekedwa m'mwezi wa March 2020 chifukwa cha Covid-19, makoleji ambiri anayamba kuyesa kuphunzitsa pa intaneti, ndipo njirayi ikadali yothandiza kwa ophunzira amene sangathe kufika m'kalasi tsiku ndi tsiku. Komabe mphunzitsi amene ophunzira ake ali ku Mitundu, ku Nsaru, ku Kabudula kapena m'midzi yozungulira Namitete sangatengere zimene zimachitika m'kati mwa mzinda wa Lilongwe, kumene netiweki imagwira bwino. Masamu nawonso ali ndi vuto lawolawo, chifukwa wophunzira amafunika kuona samu ikuyenda mzere ndi mzere, ndipo mphunzitsi amafunika kuona mzere weniweni umene wophunzira wake wapunthwira. Ndondomeko yonseyi yakhazikika pa mfundo imeneyo.

Choyamba, musanakonze phunziro ngakhale limodzi, dziwani zimene ophunzira anu ali nazo m'manja. Mufunse aliyense ngati foni yake imatsegula WhatsApp, ngati ali pa Airtel kapena TNM, malo amene netiweki imamugwirira, kumene amatchajitsa foni, komanso nthawi imene amakhala ndi mpata. Mudzapeza kuti wina foniyo ndi ya amuna ake ndipo imafika pakhomo madzulo, pamene wina amatchajitsa pa sola ya pagolosale ndipo amalipira nthawi iliyonse. Mukadziwa zimenezi, agaweni m'timagulu ta anthu atatu kapena anayi okhala moyandikana, ndipo m'kagulu kalikonse mukhale mmodzi amene foni yake ndi yodalirika.

Chachiwiri, sankhani njira yosadya bandulo yambiri. Kuphunzitsa moonana pa vidiyo kudzera pa Zoom kumamveka kwapamwamba, koma kumafuna kuti aliyense akhale ndi netiweki, moto m'foni ndi bandulo pa ola limodzimodzilo, zomwe kumudzi sizichitika kawirikawiri. Tsegulani magulu awiri a WhatsApp: lina loti muzitumizamo inu nokha, kuti maphunziro asakwiririke ndi moni ndi mauthenga a maliro, ndipo lina likhale la mafunso ndi zokambirana. Ngati koleji yanu ili ndi Moodle kapena Google Classroom, omwe ndi malo a pa intaneti osungirapo maphunziro, muzisungirako zonse mwadongosolo.

Chachitatu ndi kakonzedwe ka phunziro lenilenilo, ndipo apa mpofunika kudekha. Masamu olembedwa ndi mabatani a foni amasokoneza, makamaka pofika pa kugawa ndi pa manambala aang'ono okhala pamwamba pa anzawo. Tengani pepala loyera ndi cholembera chakuda, lembani samu imodzi yokha pa tsamba, ndipo mzere uliwonse muupatse nambala yake kumanzere. Jambulani tsambalo panja pamthunzi, foni itayang'ana pepala molunjika kuti chithunzithunzi cha dzanja lanu chisaphimbe manambala. Kenako tumizani uthenga wa mawu wosapitirira mphindi zitatu, mukutchula kuti "pa mzere wachiwiri tachotsera mtengo woodera", "pa mzere wachitatu tagawa". Wophunzira akasokonezeka sadzangonena kuti sanamve, koma adzatha kulemba kuti, "Aphunzitsi, ndatayika pa mzere wachinayi," ndipo inu mudzadziwa pomuthandizira.

Chachinayi, zitsanzo zanu zichokere pa ndalama zimene ophunzira amazigwira. Pophunzitsa phindu, tengani munthu amene waoda thumba la soya pa K40,000 n'kuligulitsa pa K50,000. Phindu lake ndi K10,000, koma funso ndi lakuti phindulo ndi maperesenti angati. Tikaliyerekeza ndi mtengo woodera ndi 25 peresenti, pamene tikaliyerekeza ndi mtengo wogulitsira ndi 20 peresenti. Ophunzira ambiri amasakaniza ziwirizi, ndipo wochita malonda amene amazisakaniza amadziwerengera phindu limene alibe, choncho musafulumire kuchokapo mpaka aliyense atazisiyanitsa ndi manambala akeake.

Chiwongoladzanja chiphunzitseni kudzera ku banki m'khonde, poti palibe wophunzira wa kumudzi amene sayidziwa. Munthu akakongola K100,000 pa 10 peresenti pamwezi, ndipo chiwongoladzanjacho chikuwerengedwa pa ndalama yoyamba yokha, adzabweza K130,000 pakatha miyezi 3. Koma ngati chiwongoladzanja chosalipidwa chikuphatikizidwa ku ngongole mwezi ndi mwezi, ngongoleyo ikhala K110,000, kenako K121,000, kenako K133,100. Asiyeni ophunzira awerengere okha mwezi uliwonse asanaone njira yachidule yochulukitsa K100,000 ndi 1.1 katatu, chifukwa njira yachidule yoloweza pamtima imaiwalika msanga ngati munthu sanaone kumene yachokera. Mukawauza kuti apitirize mpaka miyezi 12, adzapeza ndalama yoposa K313,000, ndipo adzamvetsa okha chifukwa chake katapila amalanditsa katundu.

Chitsanzo china chimene ndimachiona kuti n'chamtengo wapatali ndi cha kugwa kwa kwacha. M'mwezi wa November 2023, Reserve Bank of Malawi inasintha mtengo wa dola imodzi kuchoka pa pafupifupi K1,180 kufika pa K1,700. Afunseni ophunzira kuti apeze kumene 44 peresenti imene inalengezedwa kuti kwacha yagwa nayo inachokera: kusiyana kwake ndi K520, ndipo K520 tikaigawa ndi K1,180 ikutipatsa 0.44. Kenako atembenuzireni funsolo, kuti kodi K1,000 inataya mphamvu yochuluka bwanji pogula madola. Yankho lake ndi pafupifupi 31 peresenti, osati 44, chifukwa tsopano tikugawa ndi K1,700. Apa m'pamene wophunzira amazindikira kuti peresenti iliyonse imadalira nambala imene mwaiyika pansi.

Pa za kubweza mpamba, mayi wogulitsa mandasi akukwanirani. Ngati malo, chiphaso cha pamsika ndi zina zosasintha zimamudyera K30,000 pamwezi, ndipo ndasi limodzi amaligulitsa K200 atawonongapo K125 ya ufa, mafuta ndi shuga, ndiye kuti limamusiyira K75, ndipo ayenera kugulitsa mandasi 400 asanayambe kuona phindu.

Chachisanu, musalandire yankho lopanda njira. Wophunzira aliyense alembe m'kope, alembe dzina lake pamwamba pa tsamba, ajambule, ndipo atumize kwa inu mwachindunji osati pagulu. Apatseni masiku awiri kapena atatu, popeza magetsi ndi netiweki sizili m'manja mwawo. Pochonga, zungulizani mzere wolakwika pa chithunzicho n'kumubwezera kuti akonze yekha. Cholakwa chimene chabwerezedwa ndi anthu ambiri muchilembenso ndi dzanja lanu popanda dzina la munthu, ndipo muchitumize pagulu kuti onse apeze pamene palakwika. Amene wakhala chete sabata yathunthu muimbireni foni, chifukwa nthawi zambiri si ulesi ayi, koma bandulo yatha kapena manyazi amugwira atatsalira.

Kunena za kukopera, njira yosavuta ndi yopatsa aliyense manambala akeake. Mwachitsanzo, mungawauze kuti mtengo woodera ukhale K40,000 kuphatikizapo nambala yawo ya m'kaundula yochulukitsidwa ndi K500. Njira yowerengera ikhala imodzi, koma mayankho asiyana, ndipo wokopera aonekera poyera.

Chomaliza, konzani tsiku lokumana pakoleji kamodzi pamwezi, ndipo mayeso onse amene malikisi ake akawerengedwe alembedwe pa tsikulo inu mukuona. Pa tsiku limenelo aphunzitseni kugwiritsa ntchito kakyuleta yeniyeni imene idzaloledwe m'chipinda cha mayeso, chifukwa mabatani ake ndi osiyana ndi a pa foni, ndipo ngati kompyuta ilipo aonetseni momwe samu ya banki m'khonde ija imalembedwera mu Excel, pulogalamu yowerengera manambala. Poika masikuwa ganizirani nyengo ya kumunda: mvula yoyamba ikagwa cha m'November kapena December ophunzira ambiri amakhala pa ntchito yobzala ndi kuthira feteleza, choncho mitu yovuta monga chiwongoladzanja chophatikizika ndi bwino kuiphunzitsa mvula isanayambe, ndipo masabata a kupalira muwasiyire ntchito yobwereza zimene anaphunzira kale.