Pudding ya buledi ndi maapozi

Mwafunsa chochita ndi buledi wogona amene wayamba kuuma. Musataye, ndiye wabwino kuphikira pudding chifukwa amamwa mkaka osasanduka phala.

Yambani ndi maapozi 2. Asendeni, chotsani njere, muwadule tizidutswa, kenako muwakazinge m'majarini kwa mphindi 5 kuti afewe pang'ono.

M'mbale ina menyani mazira 3, makapu 2 a mkaka, theka la kapu ya shuga, supuni yaing'ono imodzi ya sinamoni ndi kamchere. Ngati muli ndi nutmeg, tsinani pang'ono chabe, akachuluka amawawa.

Nyemanyemani masilaisi 8 a buledi m'chiwaya chopaka majarini, sakanizani ndi maapozi aja, thirani mkaka uja pamwamba. Apa ndi pomwe ambiri timapupuluma. Dikirani mphindi 20, mukutsindira ndi supuni, mpaka buledi yense anyowe. Mukathamanga, pamwamba pamauma gwa.

Ikani mu uvuni pa 180°C kwa mphindi 40. Pa mbaula zimathekanso: makala ochepa pansi, ambiri pa chivindikiro, monga timachitira chigumu. Mpeni mukaubaya pakati n'kutuluka wopanda mkaka, yapsa. Idyeni ikadali yofunda, ndi tiyi.