Makala a makoko a mtedza: kapangidwe ndi kagulitsidwe kake

Mtedza ukasendedwa m'miyezi ya Juni ndi Julaye, makoko amaunjikana m'midzi ndi m'misika ya ku Mchinji monga Kamwendo, Kapiri ndi Mkanda, ndipo ambiri amangowatentha kuti pamalo payere. Makoko amenewa akhoza kukhala mpamba wa bizinesi ya makala yosafuna kudula mitengo. Lamulo la nkhalango la 1997 limaletsa kuotcha kapena kugulitsa makala a mitengo yachilengedwe popanda chilolezo, choncho wopanga makala a zinyalala amagona tulo.

Pezani mgolo wachitsulo wa malita 200. Boolani timabowo tingapo kunsi kwake, muukhazike pa njerwa zitatu kuti mpweya uzilowa. Makoko okha amathinana n'kuzimitsa moto, ndiye asakanizeni ndi zitsononkho zouma. Pothira, imikani mtengo pakati pa mgolo, ndipo ukadzaza muuzule kuti pasale njira ya utsi. Mapesi asiyeni kumunda, ndi chakudya cha nthaka.

Mukayatsa, poyamba pamatuluka utsi woyera wambiri, womwe ndi chinyezi. Utsiwo ukachepa n'kuyamba kuoneka lawi, chotsani njerwa, vundikirani mgolo, mumate ndi dothi lonyowa pamwamba ndi pansi pomwe. Apa m'pamene ambiri amalakwitsa. Mukatseka msanga, makoko amatuluka ofiirira, ndipo makala ake adzafuka utsi pambaula. Mukachedwa, mupeza phulusa lokhalokha. Musatsegule mgolo usanazizire, chifukwa makala otentha akakumana ndi mpweya amayakanso. Makilogalamu 10 a makoko ouma amapereka makala pafupifupi makilogalamu 3, nthawi zina kucheperapo.

Sinjani makalawo mumtondo ndi kusefa. Chomatira chabwino ndi phala lamadzimadzi la ufa wa chinangwa: kilogalamu 1 ya ufa ikwanira makilogalamu 10 mpaka 15 a fumbi la makala. Phalalo lipse ndithu, ufa wosaphika sumata. Dothi lapachulu limamatanso ndipo silifuna ndalama, koma likachuluka makala amavuta kuyaka ndipo phulusa limatseka mabowo a mbaula. Wogula amene wavutikapo kamodzi sabweranso. Sakanizani mpaka mukafumbata m'dzanja zizigwirana koma osadontha madzi.

Chikombole choumbira makalawa sichifuna makina okwera mtengo. Wowotcherera zitsulo angakuduleni paipi yotambalala masentimita 5 ndi kachitsulo kotsindirira. Thirani, menyani ndi nyundo, kankhani. Yanikani pathandala masiku 3 mpaka 5 kukakhala dzuwa, mukutembenuza. Kuti mudziwe ngati auma, thyolani limodzi muone pakati, kenaka gwetsani lina kuchokera m'chiuno: likanyenyeka, phala linachepa kapena simunatsindire mokwanira. Oikidwa m'thumba asanaumitsitse amachita nkhungu, poti muli ufa.

Pa malonda, musayambe ndi mayi wogula kamulu kamodzi. Pitani kwa amene amafuna moto wokhalitsa tsiku ndi tsiku: okazinga tchipisi, amalesitilanti, ndi oweta anapiye omwe amawotha moto usiku wonse. Apatseni pang'ono ayese okha, ndipo auzeni zoona, kuti makalawa amachedwa kuyaka kusiyana ndi amitengo komanso safuna kugwedezagwedeza mbaula. Achenjezeninso kuti, monga makala ena onse, sayatsidwa m'nyumba kapena m'khola lotseka, chifukwa mpweya wake umapha mosanunkha.

Musanatchule mtengo, werengerani ufa, matumba, ngolo yotutira makoko ndi ganyu, ngakhale ogwira ntchitoyo ndi apabanja. Makoko lero ndi aulere, koma eni ake akaona kuti mukupindula adzayamba kugulitsa, choncho gwirizanani nawo msanga. Ngati mwakongola ku banki m'khonde, pangani ambiri pakati pa Ogasiti ndi Okutobala, musunge pouma pamwamba pa mitengo, mudzagulitse m'dzinja pamene nkhuni zanyowa ndipo makala akwera mtengo.