Momwe mungapangire saladi ya Caesar kunyumba

Ambiri akaona dzina lakuti Caesar amaganiza za mfumu ya Aroma ija, koma mwini saladiyi anali Caesar Cardini, Mtaliyana yemwe anali ndi lesitilanti ku Tijuana, m'dziko la Mexico. M'zaka za m'ma 1920 mowa unali woletsedwa ku America, ndiye anthu ankawoloka malire kukamwera kumeneko. Mwana wake Rosa ankasimba kuti pa 4 Julaye 1924 alendo anachuluka mpaka zakudya kutsala pang'ono kutha, bambo ake n'kusakaniza zomwe zinalipo alendowo akuonerera.

Letesi wake ndi uja wa masamba ataliatali, amati cos kapena romaine. Mukatsuka mumupukute ndi kansalu koyera, poti sosi samata patsamba lonyowa. Buledi wogona mumudule timabokosi, mukazinge ndi adyo mpaka afiirire.

Pofunika kudekha ndi pa sosi. Viikani dzira m'madzi owira mphindi imodzi yokha, muswere m'mbale yolowa, muthire adyo wosinja, madzi a theka la ndimu, kasupuni kamodzi ka sosi wa m'botolo wotchedwa Worcestershire ndi kamchere. Kenako mafuta a olivi, masupuni asanu akuluakulu. Ine ulendo woyamba ndinawakhuthula onse kamodzi chifukwa alendo anali atakhala kale pabalaza. Mafuta anangoyandama pamwamba, dzira lili pansi. Ndinamenya ndi foloko mpaka mkono kuwawa, osagwirana, ndipo zinandipweteka mtima chifukwa mafutawa ndi odula. Muziwadontheza pang'onopang'ono, dzanja linalo likumenya osapumira, mpaka sosi alimbe ngati phala la mwana. Pansi pa mbale ikani kansalu konyowa kuti isamathawethawe. Zikakanika musataye: tengani chikasu cha dzira lina m'mbale youma, muzidonthezeramo zokanikazo uku mukumenya, zigwirana.

Samalaninso pogula mafuta a oliviwa. Ndinagulapo botolo lotchipa kwa munthu woyenda nawo m'chikwama, kufika kunyumba fungo lake la mafuta ophikira wamba. Yang'anani ngati chitsekero sichinatsegulidwepo. Ngati pakhomo pali mayi woyembekezera kapena ana aang'ono, dzira losapsali lisiyeni, muyambire pa mayonezi.

Tinsomba ta anchovy mahotela ambiri amaika, koma Cardini sankaika, inenso sindiika. Sakanizani letesi ndi sosi, mupalire tchizi ya Parmesan pamwamba, muwaze buledi uja, mudye nthawi yomweyo masamba asanafote.