Momwe mungafufuzire mphamvu ya Tamworth Manifesto pa ndale za chipani cha Conservative

Ambiri akamalemba mbiri ya chipani cha Conservative cha ku Britain amatchula kuti Sir Robert Peel, mtsogoleri wake, analemba Tamworth Manifesto, kalata yofotokoza mfundo za boma lake, mu 1834, kenako n'kulumphira kwa Margaret Thatcher ngati kuti pakatipo sipanachitike kanthu. Nkhani yotere siitha kuima pamaso pa munthu wodziwa mbiri. Kuti muonetse ndi umboni momwe chikalatachi chinaumbira ndale za chipanichi, mufunika zinthu zitatu: chikalata chenichenicho, osati chidule cha munthu wina, madeti a zochitika kuyambira 1829 kufika 1846, ndi zotsatira za zisankho za 1832, 1835, 1837 ndi 1841. Chikalatacho n'chachifupi, theka la ola mwachimaliza, ndipo chimapezeka pa intaneti.

Yambani ndi vuto lomwe Peel anali nalo

Musanawerenge chiganizo choyamba, dziwani kuti wolembayo anali pampanipani. Mu 1832 boma la a Whig, chipani chopikisana ndi cha Peel, linakhazikitsa lamulo la Reform Act, lomwe linalanda mipando ya aphungu m'timadera topanda anthu n'kuipereka ku mizinda ya mafakitale monga Manchester, Birmingham ndi Leeds. M'matauni, mwamuna wokhala m'nyumba ya mtengo wa lendi wa £10 pa chaka anapatsidwa voti. A Tory, lomwe ndi dzina lakale la a Conservative, analimbana ndi lamuloli mpaka kumapeto, Peel ali patsogolo m'nyumba ya House of Commons, ndipo pa chisankho chotsatira anagwa chagada: anatsala ndi mipando pafupifupi 175 mwa 658.

Mu Novembala 1834 Mfumu William IV inachotsa boma la a Whig la Lord Melbourne ngakhale linali ndi aphungu ambiri. Peel anali ku Italy, choncho Duke of Wellington, mtsogoleri mnzake wa a Tory, anagwirizira mpando mpaka iye atafika ku London ndi kukhala nduna yaikulu pa 10 Disembala. Analandira boma lopanda aphungu okwanira, lopatsidwa ndi mfumu osati ovota, ndipo anthu ankakayika kuti mwina abwera kudzafafaniza lamulo la 1832. Lord Stanley ndi Sir James Graham, amene anali atangochoka m'boma la a Whig, anakana kulowa m'nduna zake. Chiganizo chilichonse cha chikalatachi chikuyankha chikayiko chimenechi, ndipo mukaiwala zimenezi mudzachiwerenga ngati buku la nzeru zakuya pomwe chinali chida cha kampeni.

Funsani kuti akulankhula ndi ndani

Pamwamba palembedwa kuti kalatayo ikupita kwa ovota a ku Tamworth, tauni ya ku Staffordshire yomwe Peel ankaiimira kuyambira 1830. Kumeneko mpando wake sunali pachiopsezo. Banja lake linali ndi malo aakulu a Drayton Manor pafupi pomwepo. Kalata za phungu kwa ovota ake zinali zachizolowezi. Chachilendo n'chakuti iyi inaonedwa ndi kuvomerezedwa ndi nduna zonse, kenako n'kuperekedwa kwa nyuzipepala za ku London, kuphatikizapo The Times, zomwe zinaisindikiza pa 18 Disembala 1834. Apa ndi pomwe pali chiyambi cha mwambo woti mtsogoleri wa chipani amauza dziko lonse mfundo za boma lake chisankho chisanachitike.

Lembani magulu atatu omwe ankawafuna. Loyamba ndi amalonda, eni mafakitale ndi anthu ophunzira amene anali atangolandira voti ndipo ankaopa chisokonezo. Lachiwiri ndi a Whig ofatsa monga Stanley. Lachitatu ndi a Tory ake okhwima mitima, amene sanamukhululukire chifukwa cha 1829, pamene anatembenuka n'kutsogolera lamulo lolola Akatolika kukhala aphungu. Powerenga ndime iliyonse, ikani chizindikiro cha gulu lomwe ikulinyengerera. Muona kuti ndime zambiri zimayamba ndi kutonthoza gulu loyamba n'kuthera pa kutsimikizira lachitatu.

Gawani chikalatacho patatu

Iyi ndiyo ntchito yaikulu, ndipo ndi yomwe ambiri amaizemba. Tengani pepala, jambulani mizere itatu: zomwe wavomera, zomwe walonjeza kuunika, zomwe wakana.

M'gawo la zovomera mulowa chinthu chimodzi chachikulu. Peel akunena kuti lamulo la 1832 latseka nkhani ya kayendetsedwe ka zisankho, ndipo palibe wokonda mtendere amene angayese kulisokoneza, kaya poyera kaya mwakabisira. Onani kuti mawu amenewa ali ndi mbali ziwiri. Akuuza a Tory kuti kubwerera m'mbuyo kulibe, koma akuuzanso ofuna kusintha kwambiri kuti kupitirira pamenepa kulibenso. Wolemba amene watchula mbali imodzi yokha wamva theka la uthenga.

Gawo lachiwiri ndilo lalitali. Akulonjeza kuunika mosamala mabungwe a boma ndi a mpingo, mwaubwenzi osati mwaudani, kukonza zolakwika zomwe zatsimikizika ndi kuthetsa madandaulo enieni. Kenako akutchula nkhani zake mmodzimmodzi. Kafukufuku wa makhonsolo a matauni yemwe a Whig anayambitsa sadzamuimitsa. Akhristu a mipingo yosakhala ya Church of England, mpingo wa boma, omwe ankadandaula za malamulo a ukwati ndi za msonkho wosamalira matchalitchi a mpingo umenewo, akuwalonjeza mpumulo. Chakhumi cha alimi chopita ku mpingo akufuna chikonzedwe. Ndalama za mpingo zingagawidwe bwino mkati mwa mpingomo. Akukumbutsanso ntchito zake zakale, monga kukonza malamulo a milandu ya upandu, pofuna kuonetsa kuti sanayambe lero kusintha zinthu.

Gawo lachitatu ndi lalifupi koma lolimba. Sadzalola chuma cha mpingo, ngakhale ku Ireland komwe anthu ambiri anali Akatolika, kugwiritsidwa ntchito zina zosakhala za mpingo. Sakuvomera kuti a mipingo ina ali ndi ufulu wokakamiza Oxford ndi Cambridge kuwalandira. Sakufuna kufukula mapenshoni omwe anaperekedwa kale. Ndipo akukana ndale za chipwirikiti chosatha, zomwe mtsogoleri amangotsatira mphepo ya tsikulo.

Mukaika magawo atatuwa pamodzi, muona kuti Peel sanasiye ndondomeko ya zochita. Misonkho ya matchalitchi ndi chakhumi zinatha kalekale. Chomwe chinatsala ndi njira yogwirira ntchito: vomera nkhondo yomwe wagonja, konza chomwe chatsimikizika kuti chaola, teteza bungwe lenilenilo. Ganizo limeneli wandale komanso wolemba mabuku Edmund Burke anali atalinena kale mu 1790, kuti dziko lopanda njira yosinthira lilibenso njira yodzisungira. Peel analichotsa m'mabuku n'kulisandutsa lonjezo la pa chisankho. Koma taonani chibowo chake: chikalatacho sichinena kuti wotsimikiza cholakwikacho ndi ndani. Mtsogoleri? Aphungu? Ovota? Sungani funso limeneli.

Yezani ndi zotsatira, osati ndi mbiri yake

Pa chisankho cha kumayambiriro kwa 1835 a Conservative anakwera kufika pa mipando pafupifupi 270. Ndi phindu lalikulu, koma sanapambane. A Whig anagwirizana ndi a Radical, ofuna kusintha kwambiri, komanso aphungu a ku Ireland otsatira Daniel O'Connell pa mgwirizano wa Lichfield House, ndipo mu Epulo 1835 Peel anatula pansi udindo atagonja pa nkhani ya chuma cha mpingo wa ku Ireland, yomwe ili m'gawo lanu la zokana. M'miyezi yochepayo anakhazikitsa komiti ya Ecclesiastical Commission yokonza kagawidwe ka chuma cha Church of England, umboni woti lonjezo lounika silinali la pakamwa chabe. Mu 1837 chipani chinapitirira mipando 300, ndipo mu 1841 chinapambana ndi mipando pafupifupi 367, Stanley ndi Graham ali mkati.

Manambala a mipando amasiyana buku ndi buku chifukwa aphungu ambiri nthawi imeneyo sankadzitchula chipani momveka. Sankhani buku limodzi ndipo muzigwiritsa ntchito lomwelo pa zisankho zonse zinayi.

Apa ndi pomwe ambiri amaterereka. N'zokopa kunena kuti chikalata cha Tamworth ndicho chinapambanitsa mu 1841. Wolemba mbiri Norman Gash anatsindika kwambiri udindo wa Peel pomanga chipanichi, koma ena anaonetsa kuti mipando yambiri inachokera m'madera a alimi ku England ndi m'matauni aang'ono, komwe anthu ankavotera kuteteza mtengo wa tirigu ndi mpingo, osati mfundo zofatsa za Peel. Kuonjezera apo, chipani chinalimbikira kulembetsa ovota ake m'kaundula, ntchito yomwe inkayendetsedwa kuchokera ku Carlton Club, kalabu ya chipanichi yokhazikitsidwa mu 1832. Onani mapu a mipando musanagamule.

Musadumphe 1846

Atalowa m'boma, Peel anabwezeretsa msonkho wa pa ndalama zopeza mu 1842, mapeni 7 pa paundi iliyonse kwa opeza zoposa £150 pa chaka, n'kutsitsa misonkho ya katundu wolowa m'dziko. Njala itagwa ku Ireland mu 1845 chifukwa cha matenda a mbatatesi, anagamula kuti malamulo a Corn Laws, oteteza alimi a tirigu ku mpikisano wakunja, achotsedwe. Kwa iye cholakwika chinali chitatsimikizika. Kwa aphungu ake ambiri, lamulolo linali pakati pa zinthu zomwe anasankhidwira kuteteza. Walira mvula walira matope: anavomera njira ya Tamworth osadziwa kuti tsiku lina idzagwera pa munda wawo. Pafupifupi magawo awiri mwa atatu a aphungu a chipanichi anamuvotera motsutsa, lamulo linadutsa ndi mavoti a otsutsa boma, ndipo mu Juni 1846 boma linagwa. Omutsatira, kuphatikizapo William Gladstone, anakathera m'chipani cha Liberal mu 1859. A Conservative sanapezenso aphungu oposa theka mpaka 1874.

Benjamin Disraeli, phungu wa chipani chomwecho amene anamuzunza Peel m'Nyumba ya Malamulo, anali atanyoza kale chikalatachi m'buku lake la Coningsby la 1844 kuti ndi kuyesa kumanga chipani chopanda mfundo. Chodabwitsa n'chakuti iye yemweyo ndiye anaisunga njirayo. Pofika 1852 anali atasiya nkhani yoteteza tirigu, ndipo mu 1867 anadutsitsa lamulo lopereka voti kwa ogwira ntchito ambiri a m'matauni, kuphwanya malire omwe Peel anati ndi omaliza.

Yesani zochitika za masiku ano ndi mafunso atatu

Pa chochitika chilichonse chomwe mukufuna kuchilumikiza ndi Tamworth, funsani: kodi chipani chinatsutsa kusinthako poyamba? Kodi chitagonja chinavomera poyera? Kodi chinafotokoza kuvomerako ngati njira yosungira chinthu chachikulu? Mayankho onse atatu akhale inde.

Zaka zotsatira 1945 zimakhoza bwino. Atagonja kwa chipani cha Labour, a Conservative anatulutsa chikalata cha Industrial Charter mu 1947 motsogozedwa ndi R. A. Butler, kuvomera kuti boma lili ndi gawo pa chuma. Atabwerera mu 1951 anasunga National Health Service, dongosolo la boma la zaumoyo, ndi makampani ambiri omwe boma linatenga, n'kungobweza m'manja mwa amalonda a zitsulo ndi a magalimoto onyamula katundu. Zomwezo zinachitika pambuyo pa 1997: anatsutsa nyumba ya malamulo ya Scotland ndi malipiro ochepetsetsa ovomerezeka ndi lamulo, kenako anazivomera, ndipo mu 2016 boma lawo linakweza malipirowo pansi pa dzina la National Living Wage.

Thatcher samakhoza mayesowa, ndipo musamukakamize. Kuyambira 1979 anabweza zambiri zomwe chipani chake chinali chitavomera, monga umwini wa boma pa makampani ndi mphamvu za mabungwe a ogwira ntchito. Amafanana ndi Peel pa malonda omasuka ndi kusamala ndalama za boma, koma ameneyo ndi Peel wa 1842 ndi 1846, osati wa Tamworth. Kusakaniza awiriwa ndi cholakwika chofala kwambiri m'nkhani zotere.

Zolakwika zina n'zosavuta kupewa. Musalembe kuti Peel anayambitsa dzina la chipanichi. Magazini ya Quarterly Review inali italigwiritsa kale ntchito mu 1830. Musamutche wokonda demokalase, pakuti amuna ambiri ndi akazi onse analibe voti, ndipo kuvota kunali kwa poyera mpaka 1872. Musatambasulire chikalatachi ku zipani za ku America kapena ku Ulaya popanda umboni woti anachiwerenga kapena kuchitchula, chifukwa zipani zimenezo zili ndi mizu yakeyake. Ndipo pamene wandale wa lero watchula Tamworth, onani kaye ngati ali pa mkangano ndi anthu a m'chipani chake. Kawirikawiri dzinali limatuluka pamene mtsogoleri akufuna aphungu ake ameze chinthu chomwe dzulo ankachikana, ndipo umboni wake muupeza m'mavoti a aphunguwo pa bilu yotsatira.